Mawaya a Lemoni ndi a Mahogane

Loweruka la ukwati wa Plaxedes, pa komboni yathu ya kuseri kwa Karoi, bambo ake a Jasten anadzuka atalumbira kuti mwana wawo apita kutchalitchi pa Landirova yawo yakalekale nyimbo zikugunda, chonsecho ukwati unali wa teni koloko ndipo wailesi yoti igundeyo inali idakali m'katoni. Popeza mimba yawo inkakana kulowa pansi pa dashibodi, anaitana akazi awo, a Eneless, amene asankha fodya m'shedi zaka makumi atatu, munthu woti ukamuuza chinthu amachichita ndendende, osaonjeza, osachotsa.

"Mai Plaxedes! Siyani mapotowo, bwerani kuno ndi timanja tanuto."

"Ndikusenda anyezi wa mudzi wonse, Baba Plaxedes."

"Anyezi sathawa. Lowani apa, mugone chagada."

A Eneless anapukuta manja pachitenje, n'kuyang'ana chibowo chimene amuna awo anaboola pa dashibodi ndi chisikulu. Munali mukulendewera mawaya ngati mizu ya mbatata.

"Akwawo kwa mkwati Wonder ananena kuti atumiza galimoto yawo kuchokera ku Glendale. Ija yotulutsa mphepo yozizira."

"Ndinakana!"

"Ndinamva. Anthu onse anamva."

"Ndinaimirira pamaso pa azibambo ake a mkwatiyo, ndinati mwana wa Jasten sakwera galimoto yobwereka. Ndinati abwera pa yanga, ndipo mudzamva nyimbo tisanaoneke n'komwe. Anaseka. Mmodzi mpaka anatsamwa tiyi. Ndiye lero ndikafike duu ngati ndanyamula maliro? Aiwa!"

"Chabwino. Pepala lake lili kuti?"

"Pepala lanji?"

"Chilichonse cha m'katoni chimabwera ndi pepala. Ngakhale mankhwala a nsabwe za fodya."

"Linalipo."

"Lili kuti?"

A Jasten anayamba kuyang'ana nkhunda zimene zinali padenga la balani.

"Linali lopyapyala bwino. Lofewa."

"Mwapichira fodya."

"Theka lokha! Enanu mumangokonda kukuza nkhani."

Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kachidutswa kopsa m'mphepete. Panatsala chithunzi cha dzanja litagwira waya, ndipo pamwamba pa dzanjalo panali mizere iwiri yofiira yopingasana.

"Mwaona? Akuti gwirani apa."

"Kushedi chizindikiro chimenechi amalemba pa belo lokanidwa."

"Kuno si kushedi. Tamverani, nkhani yake njosavuta. Mawaya a wailesi ali ndi mitundu, a galimoto ali ndi mitundu. Wofanana ndi mnzake, pamodzi. Chitani ngati mmene mumachitira kushedi."

"Mwangonena kumene kuti kuno si kushedi."

"Tsopano ndi kushedi!"

"Ngati kushedi?"

"Ndendende."

Apa ndiye panalakwika zinthu. Ife amene tagwira nawo ntchito a Eneless timadziwa kuti mawu akuti ndendende sumawanena chisawawa pamaso pawo. Anatsina waya mmodzi, kumupinda pang'ono, kumununkhiza, kenako anatuluka. Pobwera anali atanyamula ketulo yowira, nthunzi ili tolo.

"Tiyi timwa kuukwati, Mai Plaxedes."

"Si wa inu. Mawayawa auma gwa. Wouma sitisankha, amathetheka. Timayamba tamufewetsa ndi nthunzi."

"Maiwe! Chotsani! Magetsi ndi madzi n'paulendo!"

"Simunanene."

"N'zofunika kunena zimenezo?"

"Mwati ndendende."

Galasi lonse lakutsogolo linali litachita kale chifunga. A Jasten anavula chipewa n'kuyamba kupepesera nthunzi kunja, kwinaku akutukwana chamumtima. A Eneless anaika ketulo pansi, n'kupinda manja.

"Ndiponso galimotoyi yaima molakwika."

"Yaima pamene imaima chaka chonse."

"Dzuwa likulowa pawindo. Padzuwa mtundu umanama. Olenji amaoneka ngati lemoni. Ikankhireni pamthunzi."

"Nthawi, mayi, nthawi!"

"Ndi hafu pasiti eyiti. Mukamakana ikhala naini."

Bambo wamkulu, atavala kale buluku la suti, anakankha chigalimoto chija yekha mpaka pansi pa mtengo wa mango, thukuta lili kamukamu. Mayi anali mkati atagwira chiwongolero, nkhope ili phee ngati akupita kuchipatala. Kenako anatsetserekera pansi pa dashibodi, kunja kunangotsala mapazi.

"Yambani ndi wofiira," anatero a Jasten akupuma mwabefu.

"Wofiira mulibe muno."

"Alipo! Galimoto iliyonse ili ndi waya wofiira."

"Mwina analipo nthawi ya azungu. Yadya fumbi ndi oilo zaka makumi anayi iyi. Onse ndi fodya wa pansi. Uyu ndi mahogane. Uyu ndi mahogane wodera. Uyu olenji wotopa. Uyu anali lemoni, koma anapsa m'balani."

"Onsewo ndi abulauni basi!"

"Kwa inu oyendetsa thirakitala. Kwa ine pali magiredi asanu ndi awiri."

"Nanga a wailesiwo?"

"Amenewa sindikuwakhulupirira. Awala kwambiri. Ndi opaka utoto awa, wogula akanawabweza."

"Palibe akugula! Lumikizani!"

Kwa kanthawi kunangomveka mano a mayi akusenda mawaya, thwe, kulavula, thwe, kulavula. Atatuluka, a Jasten anasuzumira. Pansi pa dashibodi panali timitolo tinayi, tomangidwa bwinobwino, mitu yofanana, topachikidwa motsatana kuyambira kowala mpaka kodera. Kunena zoona, ntchito yake inali yokongola.

"Mwamanga onse pamodzi?"

"Wofanana ndi mnzake."

"Ndimatanthauza mmodzi wa uku, mmodzi wa uko!"

"Kamtolo ka masamba awiri munakaonapo kuti?"

A Jasten anayang'ananso timitolo tija. Munthu wosafuna kugonja ndi wovuta, abale.

"N'chimodzimodzi," anatero. "Magetsi ndi anzeru, apeza okha njira. Taimani uko."

Anapotoza kiyi. Hutala inalira, piiiiii, osalekeza. Mawaipa anayamba kukwecha galasi louma, kwe, kwe, kwe. Indiketa ya kumanzere inaphethira, ya kumanja inayankha. Wailesi yokha ndi imene inakhala chete ngati mlendo.

Kunyumba azimayi atamva hutala anadziwa kuti nthawi yakwana. Nthungululu zinabuka, chitseko chinatseguka, ndipo a Anesi, mng'ono wawo wa a Eneless amene ankakonza mkwatibwi, anatuluka akuthamanga, mapini ali kukamwa.

"Ayi! Bwererani! Sitinayambe! Tikuyesa chabe!" anakuwa a Jasten akukupiza manja onse awiri.

Pansi pa dashibodi panamveka kuti phwa, n'kutuluka kautsi. Hutala inafa. A Anesi ananong'oneza kanthu kwa akulu awo, a Eneless anawapatsira kanthu pawindo, ndipo anabwerera kunyumba akupukusa mutu.

"Fyuzi yapsa," anatero a Jasten, akutsegula kabokosi ka machesi. "Zatsala ziwiri. Koma mwamva mphamvu yake? Mwaimva hutala ija? Kwa zaka zitatu inali isakulira."

"Munagula wailesi kapena hutala?"

"Masulani timitolo tanuto. Tsopano ndisankha ndekha."

"Magalasi anu ali kuti?"

"Maso anga ali bwinobwino."

"Dzulo munapereka moni kwa thumba la feteleza."

"Linavala chipewa! Anaika chipewa pamwamba pake ndani? Masulani, mubwezere aliyense pamene anali."

Mayi anamasula, n'kubwezera. Kukumbukira kokha a Eneless ali nako, tsamba akaligwira kamodzi saliiwala. A Jasten anagwada pakhomo la galimoto, kutsinzina diso limodzi, n'kuloza ndi chala.

"Uyo. Wonenepayo. Mulumikizeni ndi wofiira wa wailesi."

"Ameneyo ndi wa giredi yotsika. Ali ndi mawanga."

"Sitikumusuta! Lumikizani."

"Ndalumikiza. Koma mlandu si wanga."

Fyuzi yatsopano inalowa, kiyi anapotozedwa. Zii. A Jasten anadina batani ili, kudina ilo, kumenya dashibodi ndi chikhatho. Zii. Potambasuka kuti agwedeze sipika imene anaimangirira ndi mphira kuseri kwa mpando, chigongono chawo chinakankha giya.

Nyimbo ya sungura inaphulika ngati bingu. Nkhuku zinabalalika, mbuzi ya a Luis oyandikana nawo nyumba inadula chingwe.

"Ehee! Ehee! Ndinanena ine! Giredi yotsika ija ndi imeneyi!" A Jasten anatuluka n'kuyamba kudula miyendo pafumbi, mimba ikutsatira pambuyo. "Akaimve ku Glendale! Akamuuze wa tiyi uja!"

A Eneless anayang'ana giya, n'kuibwezera pakati. Zii.

"Mwakhudza chiyani?"

Anaikankhiranso pomwe inali. Sungura. Pakati. Zii. Pomwe inali. Sungura.

"Ikuimba pa rivesi pokha, Baba Plaxedes. Mwaipatsa waya wa nyali yobwerera m'mbuyo."

A Jasten anasiya kuvina. Anakanda chibwano, kuyang'ana msewu, kuyang'ana galimoto, kuyang'ananso msewu.

"Palibe vuto."

"Palibe?"

"Tipita chambuyo."

"Mpaka ku Karoi?"

"Makilomita khumi ndi asanu ndi atatu okha. Ine ndabweza ngolo yodzaza mabelo kulowa nayo m'shedi zaka makumi awiri, osakhudza chipupa. Khosi langali linazolowera."

"Mkwatibwi akhala kuti?"

"Kutsogolo, pambali panga, ngati mwana wa munthu."

"Ayang'ana kuti?"

"Kutsogolo, nanga kuti?"

"Kutsogolo kwa galimoto kukhala kumbuyo kwa ulendo. Ndiye kuti njira yonse akhala akuyang'ana kwawo. Akwawo kwa Wonder adzati mwana sakufuna, tikuchita kumukoka."

"Atembenuke, agwade pampando."

"Ndi diresi loyera?"

"Tiyala chitenje."

"Nanga apolisi a pamsewu akatiimitsa?"

"Ndiwauza kuti sindikupita, ndikubwerera. Munthu wobwerera amamufunsa chiyani?"

"Pa chitunda chija cha pa mlatho?"

"Rivesi ndiye giya yamphamvu kuposa zonse! Simudziwa kanthu za galimoto inu. Taimani ndikuonetseni."

Anakwera, kuponda kilatchi, n'kupotoza kiyi mpaka kumapeto. Injini inati ngrrr, ngrrr, ngrrr. Anapopa mafuta. Ngrrr, ngrrr. Anaitchula maina okoma, kenako maina ena amene sindingabwereze pa tsiku la ukwati. Ngrrr.

"Dzulo inalira kamodzi n'kamodzi! Mwabwezera mawaya onse?"

"Onse abwino."

"Abwino? Alipo oipa?"

"Analipo mmodzi. Sikirapu. Wosupukasupuka, womatamata ndi tepi malo anayi. Wotere sitisakaniza ndi fodya wabwino, amagwetsa belo lonse."

A Jasten anagwira mutu ndi manja awiri.

"Wa tepi uja? Wochokera pa kiyi? Ameneyo ndi wopita ku koilo! Ndiye amapatsa injini moto! Ndinamumata ndekha chaka cha njala! Mwamutaya kuti?"

"Sindinamutaye. Sikirapu nayenso ali ndi ntchito yake."

"Ali kuti?"

"Pamutu pa mkwatibwi."

"Pati?"

"Kansalu koyera kakumutu kaja kamagwa, kachisoti kake kanathyoka. Anesi amafuna waya wofewa. Ndinali naye m'manja."

"Kamutengeni!"

"Amusokerera kale m'tsitsi, amukuta ndi maluwa. Mukamusolola, mutu wonse uphwasuka. Akhala akuluka kuyambira dzulo masana. Pitani inuyo mukamuuze Anesi."

A Jasten anayang'ana kunyumba. A Anesi amawadziwa, anawakalipirapo pa maliro anthu onse akumva. Sanasunthe.

"Mwana wanga akwatiwa atavala injini yanga kumutu," anatero motsitsa.

"Waya wokha. Ndipo wamukhala."

"Nthawi ili bwanji?"

"Kota pasiti naini."

Apa bambo anachita zimene anakana m'mawa wonse. Anavula malaya, kukoka mpweya, kubweza mimba mkati, n'kudzifinyira pansi pa dashibodi. Analowa mpaka m'chiuno. Miyendo inkangopalasa kunja ngati ya chule.

"Pali waya wina apa wamoto, wochokera pa kiyi. Ayi! Waluma! Nthunzi yanu ija iyi!"

"Ndiye kuti ndi wamoyo."

"Ndikamukoka akufika pamene pamalowa wa koilo. Akufikanso pa wailesi. Ndiwaphatikiza onse awiri, basi nkhani yatha. Mwaona nzeru? Potozani kiyi."

"Mpaka pati?"

"Mpaka kumapeto!"

Injini inatsokomola, sungura inayamba, ndipo kwa kamphindi a Jasten anali munthu wosangalala kuposa onse m'Mashonaland. Kenako phwa. Kautsi kanawalowa m'mphuno.

Anatuluka chafutambuyo, tsitsi lili ndi kangaude, n'kutsegula kabokosi ka machesi. Fyuzi inatsala imodzi, ikugubuduka yokhayokha.

"Singanyamule zonse ziwiri," anatero a Eneless.

"Ndaona."

"Ndiye waya ndi mmodzi, fyuzi ndi imodzi. Kapena galimoto iyende, kapena iimbe."

"Iyenda ikuimba."

"Yakana kawiri."

"Inu muziimba, mutakhala kumbuyo. Ndiika sipika pamiyendo panu, anthu aziona ngati ndi wailesi."

"Nyimbo iti?"

"Sungura."

"Ine ndimadziwa za Chigwirizano cha amayi zokha. Zambiri ndi za maliro."

"Ndiye tiikoke ndi ng'ombe za a Luis, wailesi ikuimba!"

"Ng'ombe zifika mawa. Abusa ali ndi ukwati wina leveni koloko, ananena kuti sadikira munthu. Sankhani, Baba Plaxedes. Twente-faifi pasiti."

A Jasten analowetsa fyuzi yomaliza. Anakhala pampando wa dalaivala, a Eneless atasendera wa pambali, kuwerama, n'kutenga waya uja pakati pa zala ziwiri. Mwa mwano wawo womwewo, anamugunditsa ku wailesi.

Sungura sinabwere. Kafulashi kosungira nyimbo kamene anabaya pawailesipo kanali katadumphira nyimbo ina, yojambulidwa pa foni, mphepo ikuwomba m'kati mwake. Inali kwaya ya achinyamata a pa komboni pano, ndipo wotsogolera anali Plaxedes, ndi mawu ake aja okwera, amene timawamva m'mawa uliwonse akamasesa pabwalo.

Bambo anapinda wayayo kuti agwire yekha, n'kutsamira. 

"Hafu pasiti," anatero a Eneless.

"Ndamva."

"Msewu ndi woipa. Pamafunika mphindi makumi atatu."

"Ndati ndamva." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Mai Plaxedes, wa tiyi uja ine alibe nane ntchito. Aseke mpaka atsamwenso. Chimene ndimaopa ine ndi msewuwu. Ndikhale naye pambali panga, awiriwiri kutsogolo kuno, zii, njira yonse. Ndinena chiyani? Ndikangotsegula pakamwa ndigwetsa misozi, mwana aona. Ndimati pakhale phokoso, ndizingoyang'ana msewu."

A Eneless ankayang'ana tinyali ta wailesi.

"Galimoto yomweyi ndi imene ndinamutengera kuchipatala atabadwa. Munakhala pomwe mwakhalapo. Lero ndimunyamule ndekha, ndikamusiye m'manja mwa a ku Glendale. Zikundiwawa, mayi. Zikundiwawa kwabasi."

A Jasten anapumira m'mwamba, n'kuwerama.

"Basi. Ndagonja. Mwana asachedwe chifukwa cha uchitsiru wa bambo ake."

Anachotsa waya ku wailesi, mawu a Plaxedes anadukira pakati. Anamulumikiza kwina kuja, kupotoza kiyi, ndipo chigalimoto chija chinalira kamodzi n'kamodzi, gudugudugudu, utsi uli kumbuyo.

"Kamuitaneni mkwatibwi. Tipita mwakachetechete."

A Eneless sanatsike. Anapisa dzanja pansi pa dashibodi osayang'ana n'komwe, n'kusolola waya. Injini inazima. Anamubwezera ku wailesi, ndipo mawu aja anapitiriza pomwe analekera.

"Mai Plaxedes! Mwatani? Nthawi! Abusa! Ine sindinakuuzeni kuti mutero!"

"Simunandiuze," anatero mayi, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje chonunkha anyezi. "Khalani chete, mwana wanga sanamalize kuimba. A ku Glendale akhala naye moyo wonse, adikire."